Schema ili kale m'kati mwa class: kuitenga ndi msampha wake

Mapulogalamu ambiri ogwiritsa ntchito Avro kapena Protocol Buffers (njira ziwiri zosungira ndi kutumizira data ngati mabayiti) amayenda ndi fayilo ya schema pambali, yofotokoza ma field a data ndi mitundu yake (.avsc ya Avro kapena .proto ya Protocol Buffers), n'kumaiwerenga nthawi yogwira ntchito. Kawirikawiri n'kungodzivutitsa, chifukwa chida chopanga code chinaisunga kale schema m'kati mwa class iliyonse.

Mu Avro ya Java, ngati class ndi `Kasitomala`, lembani `Kasitomala.getClassSchema()` kapena tengani `Kasitomala.SCHEMA$`. Ngati muli ndi object m'manja, `getSchema()` ikupatsani yomweyo. Mu Protocol Buffers (Protobuf), m'mene schema imabwera ngati descriptor, ndi `Kasitomala.getDescriptor()`, ndipo pamenepo pali `getFields()` ndi `findFieldByNumber(3)`. Mu Protobuf ya Python ndi `DESCRIPTOR`, yokhala ndi `fields_by_name`. Koma code yopangidwa ndi lite runtime, yomwe ambiri amasankha pa Android kuti app isalemere, ilibe descriptor n'komwe. Ndemanga za mu .proto nazonso sizifika mu class. Kuti muzipeze, yendetsani `protoc`, chida chopanga code cha Protobuf, ndi `--descriptor_set_out`, `--include_imports` ndi `--include_source_info`.

Chomwe ndikufuna chimveke kwambiri ndi ichi: schema ya m'class ndi ya tsiku limene munapanga code. Ndi ya wowerenga. Si ya amene analemba data.

Ku Protobuf izi sizipweteka kwenikweni, chifukwa field iliyonse imayenda ndi nambala yake. Avro ndi ina. M'mabayiti ake mulibe dzina kapena nambala ya field, zinthu zimangondondozana monga mmene schema ya wolemba inaziyalira. Mukalemba `new SpecificDatumReader<>(Kasitomala.class)`, ndiye kuti mwauza Avro kuti wolemba ndi wowerenga ndi amodzi. Tsono wolemba akawonjezera field imodzi pakati, wowerenga amayamba kutenga mabayiti a chinthu china ngati kutalika kwa string. Zikatero mumaona `EOFException` kapena uthenga woti "Malformed data. Length is negative". Apo mwachita mwayi. Nthawi zina palibe chimalira, manambala olakwika amangolowa mu database mwakachetechete, ndipo zimenezi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Perekani schema zonse ziwiri: `new SpecificDatumReader<>(yaWolemba, Kasitomala.getClassSchema())`. Ya wolembayo mungaipeze kuti? Mu fayilo ya .avro ili kumutu kwenikweni, ndipo `DataFileReader` imaitenga yokha. Pa Kafka (yotumizira mauthenga pakati pa mapulogalamu) ndi Confluent Schema Registry (nkhokwe ya ma schema), uthenga umayamba ndi bayiti ya 0, kenako mabayiti 4 a ID yofunsira schema ku registry. Field yatsopano ya wowerenga iyenera kukhala ndi `default` (chomwe chimaikidwa field ikasowa mu data), apo ayi data yakale imakanidwa.

Musamayerekezenso `toString()` ya schema ndi zomwe zili mu .avsc kuti muone ngati zikufanana. Mukaika `stringType` kukhala `String` mu avro-maven-plugin, chidacho chimawonjezera `avro.java.string` pa string iliyonse, ndiye zolembazo zimasiyana pomwe mabayiti a data ndi amodzimodzi. Gwiritsani ntchito `SchemaNormalization.parsingFingerprint64()`. Imachotsa `doc`, mipata ndi zina zosakhudza mabayiti, n'kubweza nambala imodzi ya mabiti 64. Imachotsanso `default` ndi `aliases`, choncho funso loti wowerengayu angathe kuwerenga za wolemba uyu litumizeni kwa `SchemaCompatibility.checkReaderWriterCompatibility()`.