Ulendo wa makomiti ku Mangochi: tayala la pa Ulongwe ndi chambo chopanda lisiti

Tinanyamuka ku Limbe Lachinayi 6 koloko m'mawa, ngakhale kalata inati 5 koloko. Amene anatichedwetsa akudzidziwa, ndipo chindapusa chawo cha mandasi analipira pa Zomba, ndiye mlanduwo unatha. M'Coaster tinalimo anthu 26: apampando, alembi ndi asungichuma a nthambi zisanu za bungwe lathu la ogwira ntchito, komanso ma shop steward (oimira antchito anzawo pamalo a ntchito) 11 amene anasankhidwa chaka chino. Anatiitana ndi anzathu a nthambi ya Mangochi, kuti tikaphunzire limodzi masiku awiri.

Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 190. Tinawoloka Shire pa Liwonde nyimbo zili pakamwa, koma titatsala pang'ono kufika pa Ulongwe tayala lakutsogolo la kumanzere linaphulika. Adalaivala anaigwira bwino galimoto, sanaponde buleki mwadzidzidzi, anangoisiya ichepetse liwiro yokha mpaka inaima m'mbali. Mavuto anayambira pamenepo. Sipeya inalipo koma yopanda mpweya. Jeke itangonyamula pang'ono inayamba kumira, chifukwa m'mbali mwa msewu umenewu ndi mchenga wokhawokha. Adalaivala anakwera kabaza ndi sipeya ija kukapopetsa pa Ulongwe, natisiyira sipanala kuti tiziyamba kumasula.

Abambo anayi anasinthana pa sipanalayo, mpaka a Wapampando a ku Zomba anaimapo ndi miyendo yonse iwiri, nati osasuntha. Amayi athu a ku workshop, amene anali phee pamthunzi wa mlambe, anabwera n'kupukuta fumbi pa mutu wa bawuti n'kutionetsa chilembo cha L. "Abambo inu, mukumangitsatu. Mbali ino imamasukira kumanja." Pa ma Coaster ambiri akale manati a kumanzere amazungulira mosemphana ndi a kumanja, ndiye mphamvu zonse zija zinkangowalimbitsa. Anatiuzanso kuti nati amayamba kumasulidwa tayala lili pansi, jeke ibwere pambuyo, pansi pa jeke payalidwe thabwa kapena mwala wafulati, ndipo matayala akumbuyo atsekedwe ndi miyala. Thabwa tinabwereka pakhomo lina lapafupi, ndipo agogo apakhomopo anatipatsanso madzi akumwa ndowa yonse. Kuyambira tsiku limenelo amayiwo dzina lawo ndi "a Kumanja", ndipo alivomera. Tinataya maola awiri ndi theka.

Ku Mangochi tinafika dzuwa lili paliwombo, kutentha kwake kosayamba. Anzathu anatidikirira pa nsanja ya wotchi ija ya Queen Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. A Mlembi athu anali ataloweza moni wa Chiyao njira yonse, ndipo potsika anafuula "Ajimwiche uli!", moni wam'mawa, nthawi ili 1 koloko masana. Eni mudzi anayankha bwinobwino kenaka holo yonse inawaphunzitsa "Ali uli".

Maphunziro anatsogolera ndi akuluakulu awiri ochokera kulikulu la bungwe lathu. Anayamba ndi ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino, imene imapereka ufulu wolowa bungwe la ogwira ntchito, kenaka Labour Relations Act ya 1996 ndi Employment Act ya 2000. Zimene shop steward ayenera kukhala nazo pamtima ndi izi. Munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mwayi woyankhapo, ndipo amene ayenera kutsimikiza chifukwacho ndi abwana. Dandaulo lifike ku Leba miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku limene munthu wachotsedwa, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya zantchito. Apa ndi pamene mamembala ambiri timawataya, chifukwa komiti imakhalira kudikira yankho la pakamwa la abwana masiku akupita. Sabata ya ntchito ndi maola 48, ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Tinawerengera limodzi ndalama ya severance ya munthu wochotsedwa pochepetsa antchito atagwira zaka 7: masabata awiri pa chaka kwa zaka zisanu zoyamba, atatu pa chaka kwa ziwiri zotsalazo, onse pamodzi masabata 16. Magulu awiri mwa anayi anapeza 21 chifukwa anawerengera zaka zonse ndi masabata atatu. Za sitalaka anatsindika kuti mkangano umayamba walembetsedwa ku unduna wa zantchito, pamakhala masiku 21 oyanjanitsa, kenaka chidziwitso cha masiku 7. Komiti yodumpha masitepe amenewa imaika mamembala ake pamoto. Lachisanu ndandanda tinaisintha kuti abale athu achisilamu apite ku swala masana, ndipo phunziro la kalembedwe ka maminitsi a msonkhano linachitika madzulo.

Koma nkhani imene aliyense akufunsa ndi ya chambo. Lachinayi madzulo malo amene tinagona anatikonzera nyemba ndi kabichi. Anthu anang'ung'udza, ndipo mpake, munthu wafika kunyanja. Achinyamata atatu anapita kudoko n'kugula chambo 30 ndi ndalama za m'thumba mwawo, poganiza kuti bungwe libweza. Amayi a nthambi ya Mangochi anaching'amba kumsana, n'kuchithira mchere ndi mandimu basi, n'kuchiwotcha pamakala osalilima, mbali ya mamba pansi kuti mnofu usamatirire pawaya. Mitu anaiphika payokha ndi tomato ndi anyezi kuti pakhale msuzi wa mpunga. Panalibe woyankhula. A Wapampando a ku Zomba, amene anati mkono ukuwawa chifukwa cha sipanala, anadya ziwiri ndi mkono womwewo.

M'mawa mwake achinyamata aja anapita kwa a Msungichuma aakulu. Iwo anafunsa zinthu ziwiri: lisiti lili kuti, nanga anavomereza kugula ndani? Zonse panalibe. "Amayi, inunso munadya nawo," anatero mmodzi. "Ndinadya, mwanawe, koma auditor sadzafunsa zimene ndinadya." Mawu anakwera. Ena anati a Msungichuma akuumira ngati ndalama ndi zawo, ena anati ndalamazo ndi zopereka za mlonda ndi wosesa zodulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi. Pamenepo adalaivala nawonso anabwera ndi yawo, kuti ndalama yopopetsa sipeya ndi ya kabaza anatulutsa okha, ndipo mwini galimoto pafoni akuti tilipire ndife. Titafunsa za pangano la hayala, tinapeza kuti linali la pakamwa.

Ine ndikuona kuti a Msungichuma analondola, ndipo achinyamata analakwa pa chimodzi chokha, kusafunsa kaye. Amene anatimasula ndi msungichuma wa ku Mangochi, bambo wofatsa amene amagula zinthu kwa asodzi ndi kumsika nthawi zonse, kumene kulibe malisiti. Anatulutsa buku lake la mavaucha. Vaucha iliyonse ili ndi nambala, tsiku, chinthu chogulidwa, kuchuluka kwake, mtengo m'manambala ndi m'mawu, siginecha kapena chidindo cha chala cha wogulitsa, ndi mboni ziwiri zimene sizinagwire ndalamayo. Kaboni imatsala m'buku. Ndipo vaucha siilipidwa popanda miniti ya komiti yovomereza. Aphunzitsi anaimitsa phunziro lawo n'kunena kuti tichite zomwezo pompo. Komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango, a Mlembi anawerenga opezekapo n'kuona kuti chiwerengero chakwana, wina anapereka ganizo, wina anavomereza, manja anakwera 12, okana awiri, a Wapampando sanavote. Achinyamata anabwerera kudoko ndi mboni ziwiri kukafuna msodzi uja, anamupeza akusoka ukonde, anadinda chala. Ndalama anabwezeredwa 4 koloko. Ya tayala komiti inalipira theka, ndipo inalamula kuti kuyambira tsopano hayala izikhala yolembedwa, yonena wolipira zowonongeka, ndipo munthu mmodzi aziona sipeya, jeke ndi thabwa galimoto isananyamuke.

Tikuthokoza nthambi ya Mangochi chifukwa cha holo, mpunga ndi kuleza mtima, makamaka amayi amene anakhala pamoto mpaka usiku. Zikomo aphunzitsi athu, adalaivala, agogo a pa Ulongwe amene thabwa lawo tinabweza, a Kumanja, ndi gulu la kumpando wakumbuyo limene linaimba mpaka mawu kusasa. Amene anaiwala thumba la usipa m'Coaster akalitenge kuofesi mwamsanga, alonda adandaula kale kawiri.

Nthambi iliyonse igule buku la mavaucha la makaboni msonkhano wa mwezi uno usanachitike, ndipo ma shop steward abweretse mndandanda wa milandu yonse ya kuchotsedwa ntchito, tsiku lochotsedwa litalembedwa pambali pa dzina lililonse. Anzathu a ku Mangochi adzatibwezera ulendowu mvula ikatha, ndipo nthambi ya Limbe ndiyo yavomera kuphika.