Mzikiti wa ku Cologne ndi mlendo amene anakana kukhala mame

Pa 3 Febuluwale 1965, amuna mazanamazana ochokera ku Turkey, amene ankagwira ntchito m'mafakitale a mumzinda wa Cologne ku Germany, analowa m'tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha mumzindawo, nayala mikeka yawo pansi, n'kuyang'ana ku Makka ndi kuswali swala ya Idi yotsekera mwezi wa Ramadani. Sanalowemo mokakamiza. Akuluakulu a tchalitchicho ndiwo anawalola, poona kuti anthuwa analibe nyumba yawoyawo yokwanira kusonkhanamo pa tsiku lalikulu chotero. Nkhani imeneyi imandigwira mtima nthawi iliyonse ndikaikumbukira, makamaka ndikaiika pambali pa zimene zinachitika mumzinda womwewo patapita zaka 40, pamene ana ndi adzukulu a amuna aja anapempha chilolezo chomanga mzikiti waukulu wooneka ndi aliyense, mzinda wonse n'kugawikana.

Amuna aja anabwera chifukwa anaitanidwa. M'chaka cha 1961 boma la West Germany linasainirana pangano ndi boma la Turkey lotenga antchito, popeza mafakitale ankakula msanga koma manja anali ochepa, ndipo ku Cologne ambiri analembedwa ntchito pa fakitale ya magalimoto a Ford. Ajeremani ankawatchula ndi mawu otanthauza alendo odzagwira ntchito, poganiza kuti akatha zaka zochepa adzalongedza katundu wawo. Kwathu kuno timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo zikuoneka kuti a boma kumeneko anali ndi maganizo omwewo. Koma dzuwa linatuluka mame osakamuka. Anthu anaitanitsa akazi awo, ana anabadwira komweko n'kuphunzira m'sukulu za komweko, ndipo lero Asilamu a mumzinda wa Cologne, umene uli ndi anthu oposa miliyoni imodzi, ndi oposa 100,000.

Zaka zonsezi ankapemphera, koma mobisika. Mizikiti yawo inali m'zipinda zapansi, m'nyumba zakale zosungiramo katundu ndi kuseri kwa mashopu, malo oti munthu wodutsa mumsewu sangadziwe n'komwe kuti muli anthu opembedza. Bungwe la DITIB, lomwe ndi lalikulu kuposa mabungwe ena onse a mizikiti ku Germany, linali ndi likulu lake m'fakitale yakale m'dera la Ehrenfeld, pa msewu wa Venloer. Pamalo omwewo m'pamene linafuna kugwetsa chifakitale chija n'kumangapo nyumba yeniyeni ya Mulungu. Pa zaka zonse zimene Asilamu ankaswali m'fakitale, mzinda sunagwedezeke. Unagwedezeka pamene anthu anaona mapulani a denga lozungulira ndi nsanja ziwiri zotalika mamita 55. Ine ndikaona zimenezi ndimakhulupirira kuti chimene chinapweteka ambiri n'chakuti mlendo uja anasonyeza poyera kuti wakhazikika, chifukwa munthu amene akuganiza zobwerera kwawo sathira konkire yotero.

Amene anapambana mpikisano wojambula mapulani mu 2006 anali Paul Böhm, Mkatolika wochokera m'banja lodziwika ndi kumanga matchalitchi. Agogo ake, Dominikus Böhm, anamanga matchalitchi ambiri, ndipo bambo ake, Gottfried Böhm, analandira mphoto ya Pritzker mu 1986, imene akatswiri a zomangamanga amailemekeza koposa. Paul anajambula denga looneka ngati duwa lomwe likutsegula, zipupa za konkire zolekanalekana ndi magalasi aakulu pakati pake, kuti wa kunja aziona mkati ndipo wa mkati aziona kunja. Chipinda chopemphereramo chimakwana anthu pafupifupi 1,200. Ena anadandaula kuti nsanja zija zidzapikisana ndi tchalitchi chachikulu chija, koma nsanja za tchalitchicho n'zotalika mamita 157, ndipo chinayamba kumangidwa mu 1248 n'kudzatha mu 1880. Nyumba yakhalapo zaka mazana onsewa, yoposa inzake kutalika pafupifupi katatu, singaphimbike ndi mzikiti wa ku Ehrenfeld.

Otsutsa sanali amtundu umodzi, ndipo kungakhale kulakwa kuwaika m'dengu limodzi. Panali gulu lotchedwa Pro Köln, lomwe linali ndi makhansala m'khonsolo ya mzinda, ndipo ilo linkakana Chisilamu chonse pamodzi ndi anthu ake, n'kumagwiritsa ntchito mzikitiwo pokopa mavoti. Panali anthu wamba okhala ku Ehrenfeld amene nkhawa yawo inali ya malo oimika magalimoto, phokoso ndi kuchuluka kwa mashopu amene anali m'mapulani, ndipo nkhawa zotere n'zofunika kuzimva pomanga chinyumba chilichonse, kaya ndi tchalitchi kaya ndi msika. Ndiye panali Ralph Giordano, mlembi wokalamba amene mayi ake anali Myuda, yemwe anapulumuka m'manja mwa chipani cha Nazi pobisala m'chipinda chapansi ku Hamburg. Mu 2007 iye ananena poyera kuti mzikitiwo usamangidwe chifukwa, mwa kuona kwake, Asilamu anali atalephera kulowerera m'moyo wa Ajeremani. Ananyozanso amayi ovala zophimba thupi lonse ndi mawu amene sindifuna kuwabwereza pano. Iye ankadana kwambiri ndi a Pro Köln ndipo anakana kuyenda nawo, komabe analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, chinthu chonyansa chimene Msilamu aliyense woopa Mulungu ayenera kuchitsutsa.

Pa Giordano ndimaima nthawi yaitali, chifukwa iye ndi amene amandivuta. Munthu amene anaona masunagoge akuwotchedwa m'dziko lomwelo, amene anadziwa ndi thupi lake tanthauzo la kuuzidwa kuti chipembedzo cha makolo ako chilibe malo pano, sangatchedwe wopanda nzeru kapena wouma mtima. Mantha ake a chidani cha Ayuda ndi kuponderezedwa kwa amayi anali ndi pochokera, ndipo m'magulu ena a Asilamu zinthu zimenezi zilipodi, monganso zilili m'magulu ena a Akhristu. Koma mankhwala amene anapereka ndi amene sindigwirizana nawo. Ngati vuto ndi lakuti anthu akukhala paokha osasakanikirana ndi anzawo, kuwabweza kuchipinda chapansi sikungawatulutse poyera. Mawu oipa amakula bwino m'malo obisika, kumene kulibe wowamva ndi kuwatsutsa. Ndiponso gawo 4 la malamulo aakulu a dziko la Germany, amene analembedwa mu 1949 ndi anthu okumbukira bwino zimene Giordano anadutsamo, limapereka ufulu wa kupembedza kwa munthu aliyense, osafunsa kaye ngati anthu a mtundu wake onse akhoza mayeso a khalidwe. Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola, koma mwambi umenewu ukagwiritsidwa ntchito poweruza anthu 100,000 umasanduka nkhanza.

Tisaiwalenso kuti mantha sanali a mbali imodzi yokha. Mu Juni 2004 bomba lodzaza misomali linaphulika mumsewu wa Keupstraße, kumene kuli mashopu ambiri a anthu ochokera ku Turkey, n'kuvulaza anthu oposa 20. Kwa zaka zingapo apolisi ankakayikira anthu a mumsewu womwewo, mpaka mu 2011 pamene zinadziwika kuti anachita zimenezo ndi zigawenga zotsata maganizo a Nazi za gulu la NSU. Choncho nthawi imene mzinda unkakambirana ngati Asilamu ali oopsa, Asilamu ena a mumzindawo anali ndi zipsera za misomali m'thupi, ndipo owavulazawo anali asanagwidwe.

Mu Ogasiti 2008 khonsolo ya mzinda inavomereza mapulani aja. Makhansala a chipani cha CDU, chimene dzina lake lili ndi mawu akuti Chikhristu, anavota mokana, koma meya wa mzindawo, Fritz Schramma, yemwe anali wa chipani chomwecho, anasiyana ndi anzake n'kuvota movomera. Mwezi wotsatira a Pro Köln anaitanitsa msonkhano waukulu wotsutsa Chisilamu, n'kuitana anzawo a m'mayiko ena a ku Ulaya, koma anthu zikwizikwi a mumzindawo anatseka misewu yopita kubwalo la msonkhano, oyendetsa matakisi anakana kunyamula nthumwi, eni malo omwera mowa anakana kuzigulitsa mowa, ndipo pamapeto pake apolisi analetsa msonkhanowo. Ambiri mwa anthu amene anaima m'misewu tsiku limenelo sanali Asilamu. Mwala wa maziko unaikidwa mu Novembala 2009, mwezi womwewo umene anthu a ku Switzerland anavota kuti m'dziko lawo musamangidwenso nsanja za mizikiti, pamene dziko lonselo linali ndi nsanja zinayi zokha.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepa, koma mbali yotsalayo ndi yowawa, ndipo kuibisa kungakhale kunama. DITIB si bungwe loima palokha. Ndi nthambi ya ofesi ya boma la Turkey yoona za chipembedzo, yotchedwa Diyanet, imene imatumiza maimamu ku Germany ndi kuwalipira malipiro. Mu 2011 bungweli linakangana ndi Böhm pa za zolakwika za kamangidwe mpaka kumuchotsa, ntchito n'kuchedwa zaka zambiri, kotero kuti anthu anayamba kuswaliramo mu 2017. M'chaka chomwecho apolisi anachita chipikisheni m'nyumba za maimamu ena a DITIB powaganizira kuti ankatumiza ku Ankara, likulu la Turkey, mayina a anthu otsatira Fethullah Gülen, mlaliki amene anali mdani wa boma la dzikolo. Ndipo pa 29 Sepitembala 2018, amene anatsegulira mzikiti mwalamulo anali pulezidenti wa Turkey, Recep Tayyip Erdoğan, pa mwambo umene unaoneka ngati wa boma lachilendo kuposa wa anthu a ku Ehrenfeld. Schramma, amene anaika mbiri yake pachiswe chifukwa cha nyumbayi, sanapiteko. Meya wa nthawiyo, Henriette Reker, sanapitekonso, ndipo mayi ameneyu sangatchedwe wodana ndi alendo, popeza mu 2015 anabayidwa ndi mpeni pakhosi ndi munthu wokwiya ndi ntchito yake yolandira othawa kwawo.

Atsogoleri a DITIB anachita chinthu chosayenera kwa anthu amene anawaimira nthawi ya mavuto, ndipo anapatsa otsutsa aja mpata wonena kuti tinanena ife. Komabe sindivomera kuti zimenezi zikutsimikiza kuti otsutsawo analondola. Funso la amene akuyendetsa mzikiti, amene akulipira imamu ndi chilankhulo chimene akulalikira, ndi funso lenileni loyenera kufunsidwa mosaopa, ndipo Asilamu ambiri obadwira ku Germany amalifunsa okha. Koma limeneli ndi funso lokhudza bungwe ndi boma la Turkey. A Pro Köln sankapempha kuti maimamu aziphunzitsidwa ku Germany kapena kuti komiti ya mzikiti ikhale ya anthu a mumzinda, iwo ankafuna kuti mzikiti usakhalepo. Nkhalamba imene inathera mphamvu zake pa makina a Ford, yomwe ikufuna kugwada pamalo aulemu Lachisanu, sinalakwire munthu chifukwa cha zochita za andale a ku Ankara.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndinakulira pamalo pamene azana ya m'bandakucha inkamveka tsiku lililonse tisanamve belu la tchalitchi. Amayi anga ankadzuka nayo kukasonkha moto, ndipo pa Idi anansi athu ankatitumizira mpunga ndi nyama monga ife tinkawatumizira pa Khirisimasi. Sindikunena kuti kwathu kulibe mikangano, chifukwa nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inafika poipa ku Balaka mu 2019, ndipo ndamvapo Akhristu anzanga akulankhula za Asilamu mawu amene sangafune kuti anenedwe za iwo. Koma kukula kotereku kunandiphunzitsa kuti mawu a mwazini salanda munthu chikhulupiriro chake, ndipo n'chifukwa chake ndinatsatira mwachidwi pamene mkangano wa ku Cologne unabukanso pa nkhani ya azana.

Pomanga mzikiti uja panali kumvana kuti kuitanira swala sikudzamveka kunja. Mu 2021 Reker yemweyo, amene anakhumudwitsidwa pa tsiku lotsegulira, analengeza kuti mizikiti ya mumzindawo ikhoza kupempha chilolezo choitanira mapemphero a Lachisanu pa zokuzira mawu, ponena kuti mumzinda mmene mabelu a tchalitchi amalira momasuka, Asilamu nawonso ndi eni mudzi. Malamulo ake ndi okhwima: Lachisanu lokha, pakati pa 12 koloko ndi 3 koloko masana, osapitirira mphindi zisanu, ndipo ku Ehrenfeld mawuwo sayenera kupitirira madesibelo 60 pofika pa nyumba za anansi, komwe n'kofanana ndi anthu akucheza. Otsutsa ananenanso kuti uku n'kupereka mphamvu kwa Erdoğan, ndipo ena mwa iwo anali anthu othawa maboma opondereza a m'mayiko a Chisilamu, amene ululu wawo sindingaupeputse. Pa 14 Okutobala 2022 mwazini anaitana koyamba poyera pa msewu wa Venloer, patatha zaka 57 kuchokera tsiku lija amuna a ku Turkey anayala mikeka yawo m'tchalitchi cha Akatolika, ndipo ambiri a iwo anali atagona kale m'manda osamva mawuwo.