Nsima ya mizimu pa Chambe

Popeza nkhani ya nsima imene ndinadya paphiri yafika kale pa Chitakale, ndipo anyamata a kabaza ayamba kundikuwa kuti "a Mizimu" ndikamadutsa, bola muimve kwa mwini wake. Amene akukuuzani kuti ndinanyambita ndi chivindikiro chomwe akunama. Chivindikirocho ndinangochipukuta ndi chala.

Nonse mukudziwa kuti ndinalengeza zopita ku Skyrun, ku South Africa, ndipo amene munkaseka pa WhatsApp paja mayina anu ndinasunga. Mpikisanowo ndi wa makilomita 100, umayambira m'katauni ka Lady Grey ku Eastern Cape n'kudutsa pamwamba pa mapiri a Witteberg, kufupi ndi malire a Lesotho. Marathon wamba ndi makilomita 42, ndiye muwerengere nokha. Chinandikopa n'chakuti njira yake saikamo zizindikiro, umadzipezera wekha kolowera, usana ndi usiku womwe. Ndinati ine wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, woona Sapitwa wa mamita 3,002 tsiku ndi tsiku, timapiri ta eni tingandiuze chiyani?

Mapulani ndiye analipo, musanyoze. Kope lathunthu. Basi ya ku Joni kuchokera ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Kuchoka ku Johannesburg kukwera ina ya ku Aliwal North, kenako kupemphera kuti papezeke galimoto ya ku Lady Grey. Tsamba la ndalama ndinalilemba ndi pensulo, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu wanzeru salemba mtengo wa randi ndi bolopeni. Mayi a kunyumba ataona kopelo anafunsa kuti, "Bambo a ana, mukakathamanga zonsezo akakupatsani chiyani?" Ndinati mendulo. Anati, "Imagulitsika?" Ndinati tikambe zina.

Mipikisano yotere salola kunyamuka chimanjamanja. Pamafunika tochi ya pamutu, jekete ya mvula, wezulo, ndi kabulangeti konyezimira kodzifunda ukagwa m'thengo. Nsapato ndinazipeza pa kaunjika ku Limbe, wezulo ndinagula kwa oyimbira mpira wina wopuma ntchito, ndipo m'malo mwa kabulangetiko ndinapinda pepala lokutira mphatso za paukwati. Kunyezimira kwake n'kumodzi.

Chotsala chinali kuyesa miyendo. Ndinasankha njira ya Porters Race, mpikisano wothamanga paphiri la Mulanje: kuchoka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, makilomita oposa 20. Anyamata onyamula katundu wa alendo amaimaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, ena atavala nsapato za pulasitiki. Ine ndinati ndiizungulira kawiri tsiku limodzi kuti thupi lilawe za Skyrun. Kamba wanga, mbatata yootcha ndi kabotolo ka chiponde, anapitirira ndi minibasi ya ku Phalombe. Ameneyo ndi mlandu wa kondakitala, anandithamangitsa potsika.

Ndinafika pa Chambe ndithu, lembani zimenezo. Nthawi yake musandifunse. Ndili pamwambapo chiperoni chinabwera kuchokera ku Mozambique uko, nkhungu n'kuphimba zonse moti mkungudza umene ndinautsamira ndinkangoumva fungo. Foni inazima ndi kuzizira. Sindinasochere, anzanga. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndili paphiri la Mulanje. Njira ndi imene inachoka pamene ndinaisiya. Mawondo anayamba kunjenjemera, m'mimba mukulira, ndipo ndinayamba kuyang'ana udzu ndi maganizo ena.

Apo ndi pamene ndinaiona. Pamwala wosalala, pakati pa nkhungu, panali kontena yovindikira bwino, pambali pake kambale. Ndinatsegula. Mitanda itatu ya nsima ya mgaiwa, yofunda. M'kambalemo nandolo wothira tomato, ndi usipa wokazinga pamwamba, wondandalikidwa mwaulemu, mitu yonse kuloza kumodzi. Ndinayang'ana kumanzere, kumanja: zii.

Tsono ndani wa kuno amene sanauzidwe ndi agogo ake? Mizimu ya m'phirimu imakonzera chakudya munthu wanjala. Ukachipeza, malamulo ake ndi odziwika: idya wekha, usaitane mnzako, usatenge mkute kupita nawo kunyumba. Ukaphwanya, kumudzi sakuonanso. Ndinaganizako ndithu kuti kontenayo inali ya majarini, yofufutika zilembo, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma ndine yani woti ndiuze mizimu zodyera? Dziko lonse lasintha, iyo yokha izivutikabe ndi nsengwa? Ndinagwada, ndinawomba m'manja katatu, n'kunena kuti, "Zikomo, makolo." Ndipo ndinayamba.

Nsima imeneyo, anzanga! Yosalala, yopanda mbulumbulu ngakhale imodzi, mchere wa m'nandolo wokwana ndendende. Ndinkatema mbamu, kuiumba, kuiboola ndi chala chachikulu, kutapa msuzi, ndipo misozi inkalengeza. Ndinkadzifunsa kuti mwa agogo anga onse amene anatsogola, ndani ankaphika chonchi, nanga bwanji ali moyo ankatidyetsa zamadzimadzi?

Ndili pakati pa mtanda wachiwiri, m'nkhungumo munatuluka munthu. Bambo wachikulire, wa imvi, atavala majombo, chigubu cha madzi kumanja. Anaima n'kundiyang'ana. Mtima wanga unati, awa ndi mayeso. Akufuna aone ngati ndinene kuti "tiyeni tidye."

"Mwaswera bwanji, achimwene?" anatero.

Ine duu. Ndinatema mbamu ina.

"Achimwene, ndati mwaswera bwanji?"

Ndinawatembenukira nkhongo, kukumbatira kontena, n'kuwonjezera liwiro. Liwiro limene linasowa pokwera phiri linapezeka pamenepo. Bambowo anazungulira mwalawo n'kudzakhala chonjuta patsogolo panga. Sanakalipe. Ankangoperekeza mbamu iliyonse ndi maso, kuchokera m'kontena mpaka pakamwa, ngati mwana woonerera anzake akusewera mpira wake. Ine ndinatsinzina, chifukwa agogo sananene ngati kuyang'anizana ndi mzimu n'kololedwa. Ndinkamva kupuma kwawo. Ndinkamva ndi kumeza kwawo komwe. Nditafika pa usipa womaliza anatsokomola pang'ono, ine n'kuutafuna ndi mutu womwe, poti mkute ndi woletsedwa.

Nditamaliza ndinawombanso m'manja. "Zikomo, makolo."

"Zikomo," anayankha. "Ndimati ndikatunge madzi osamba m'manja pamtsinjepo. Kaya musambabe?"

Anali mmodzi wa anthu olambula njira zotchinga moto kuti usaononge mbande za mkungudza. Nsimayo anawaphikira akazi awo m'bandakucha, n'kuikulunga m'chitenje kuti isazizire. Ndinawafotokozera za malamulo a agogo. Anagwedeza mutu n'kuti, "Malamulowo ndimawadziwa, achimwene. Koma mwaonapo mzimu wovala majombo?" Ndinati sindinaonepo mzimu uliwonse, ndiye sindikanadziwa zovala zake. Mfundo imeneyi mpaka lero palibe waigwetsa.

Ananditsitsa phiri okha. Munthu wa njala, wa msinkhu wa bambo anga, wa majombo, ankadumpha miyala n'kumandidikira pa ngodya iliyonse, ine wa nsapato za ku Limbe ndikutsetsereka ndi matako, wezulo ikulendewera m'khosi. Titafika pa Dziwe la Nkhalamba anafunsa kuti mpikisano wangawo ndi wautali bwanji. Nditanena kuti makilomita 100 anakhala chete, kenako anati, "Kumeneko anthu ake azibisa zakudya."

Pa Likhubula ndinawagulira chipisi, mazira ndi zakumwa, kuchotsa pa ndalama ya basi ya ku Joni, ndipo tinagwirizana kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Sindikuwanena, koma pofika madzulo inali itadziwika mpaka ku Muloza, ndipo kumeneko akuti inali mitanda 7 ndi nkhuku yathunthu.

Ulendo wa ku Lady Grey ulipobe, kope silinatayike. Ndikungodikira randi itsike. Wezulo ija anabwereka anyamata a mpira wa m'mudzi, sanabwezebe.