Sabata imene pepala langa la malamulo linakhala m'chikwama

Lolemba ndinanyamuka pa Bangula mbandakucha, poti kuno ku chigwa dzuwa likakwera palibe amakumvera. Ntchito yanga ndi kuyenda m'midzi ya ku Nsanje kukambirana ndi anthu za ufulu wachibadwidwe.

Pa msonkhano wa tsikulo, ndisanamalize n'komwe malonje, bambo wina wachikulire anaimika mkono. "Alangizi, ufulu wanuwu ndi umene waononga ana. Mwana kungomukalipira, akuti ndikakunenerani kupolisi." Anthu anaseka. Zimenezi ndazizolowera. Ndinafotokoza kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati wosafika zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe ngakhale makolo avomere. Mayi wina kumbuyo anangoti, "Nanga lobola tinadya kale chaka cha Freddy, tibweza chiyani?" Namondwe wa 2023 uja anakokolola minda, koma ngongole anazisiya.

Lachiwiri njinga yamoto inaphwa tayala, tsiku linathera pa okonza.

Nkhani yeniyeni inali Lachitatu. A nyakwawa a mudzi wina anandiitanira pambali kuti pali mayi wamasiye, mwamuna anamwalira masabata atatu apitawo, ndipo zakupita kufa, mwambo woti wamasiye agone ndi mwamuna wina kuti mudzi uyere, zikukonzedwa. Ndinapita nditakwiya kale, ndikuganiza kuti ndikapeza alamu akumukakamiza. Ayi ndithu. Wofuna mwambowo anali mayiyo. Chiikireni maliro palibe amadya chakudya chimene wathira mchere, anzake akumupewa, ndiye kamwana kake kakang'ono kanayamba kutsokomola.

"Achimwene, ndikakana, mwanayu n'kufa, adzaloza ndani?"

M'chikwama ndinali ndi pepala la Gender Equality Act ya 2013, lamulo loletsa miyambo yoika anthu pachiswe. Ndi lomwe anamangira Eric Aniva wa konkuno, amene ankalembedwa ganyu yogona ndi akazi pa miyambo yotereyi, mu 2016, n'kumulamula zaka ziwiri. Aliyense kuno amaudziwa mlandu umenewo, ndipo mmene ndimaonera ine, chimene unaphunzitsa ambiri ndi kuchita zinthu usiku, mwakachetechete. Pepalalo sindinalitulutse. Munthu woopa imfa ya mwana wake ungamuopseze ndi ndende?

Amene anatiwombola ndi agogo ena, anankungwi akale, amene anakhala chete nthawi yonseyi akusenda chimanga. Anati kwawo kwa amayi awo ankasambitsa wamasiye ndi mankhwala azitsamba, n'kumumeta, basi mudzi wayera popanda mwamuna kulowa m'nyumba. Kaya zinalidi choncho kaya anangozipeka pompo, ine sindinawafunse. Alamu ake anayang'anizana, wamkulu n'kunena kuti akaganiza. Langa linali limodzi lokha: mwana apite kuchipatala lero, ndipo mayiyo akayezetse magazi. Ndalama ya kabaza ndinapereka ya m'thumba mwanga.

Lachinayi ndinali ndi amayi a mother group, gulu lolimbikitsa atsikana kuti asasiye sukulu, pa sukulu ina, kuwerenga atsikana amene sanabwerere m'kalasi chitsegulire teremu. Lachisanu lipoti. Fomu ya ku ofesi imafunsa kuti mwafikira anthu angati, amuna angati, akazi angati. Za Lolemba ndinalemba 46. Za Lachitatu zinalibe malo pafomupo.

Loweruka m'mawa a nyakwawa anandiimbira. Mwana walandira mankhwala, akudya. Nditafunsa za mwambo uja anati, "Zatheka, alangizi, musadandaule." Ndisanafunse kuti zatheka motani, mayunitsi awo anatha.