Zaka 36 kuti tidziwe ngati ndi luso kapena mphumi

M'maphunziro a kasamalidwe ka chuma omwe ndikuchita madzulo ndikaweruka, gawo la masheya lili ndi funso lomwe landidyera nthawi kuposa ena onse. Munthu akamapeza phindu lochuluka pa msika wa masheya kwa zaka zambirimbiri, tizimutcha katswiri kapena ndi wamphumi chabe? Ndikulemba kuti zomwe ndawerenga zikhazikike m'mutu, komanso poti masiku ano nkhani ya masheya ili m'kamwam'kamwa, mpaka m'magulu a pa WhatsApp omwe kale munkangomveka za mpira.

Mkangano wotchuka pa funsoli unachitika mu 1984 pa yunivesite ya Columbia ku New York, pokumbukira kuti patha zaka 50 chitulukireni buku la Benjamin Graham ndi David Dodd lonena za kasankhidwe ka masheya. Mbali imodzi kunali Michael Jensen, kadaulo wa zachuma, yemwe mu 1968 anafufuza momwe matumba 115 oyendetsa ndalama za anthu anachitira kuyambira 1945 mpaka 1964, n'kupeza kuti ukawaphatikiza onse sankauposa msika. Mbali inayo kunali Warren Buffett, wophunzira wa Graham.

Buffett anayamba ndi kuwayankhulira omutsutsa. Anati tiyerekeze kuti anthu onse 225 miliyoni a ku America alowa mpikisano woponya ndalama yachitsulo m'mwamba m'mawa uliwonse, aliyense atabetcha dola imodzi. Wolosera molakwa atuluka, ndalama yake n'kupita kwa amene alasa. Pakatha masiku 10 otsala ndi pafupifupi 220,000. Pakatha masiku 20 otsala ndi 215 okha, aliyense ali ndi ndalama zopitirira pang'ono madola 1 miliyoni. Amenewa ayamba kudzitama, kulemba mabuku, kuphunzitsa ena kaponyedwe kabwino, chonsecho akanalowa mpikisanowo anyani 225 miliyoni, opambana akanakhalanso 215. Atafika apo anatembenuka. Anati nanga mutapeza kuti anyani 40 mwa opambanawo achokera malo amodzi osungirako nyama ku Omaha, simungapite kukafunsa wowasamalira kuti amawadyetsa chiyani? Kenako anaonetsa zotsatira za matumba 9, ena oyendetsedwa ndi anthu monga Walter Schloss, Bill Ruane ndi Charlie Munger. Anthuwa sankagula masheya ofanana, koma maganizo awo anali amodzi: gula kampani pamene msika ukuigulitsa motchipa kuyerekeza ndi chuma chomwe ili nacho.

Mfundoyi ndi yamphamvu ndithu, ndipo Buffett anatsindika kuti anthuwa anawadziwa kale, osati anachita kuwatola ataona kuti alemera. Komabe chimandisautsa n'chakuti palibe amene anasunga ndandanda wa onse amene anawerenga Graham, n'kuyesa njira yake, n'kugwa nayo. Olephera salemba mabuku, saitanidwanso kukayankhula ku Columbia. Matumba omwe aluza kwambiri amatsekedwa kapena kuphatikizidwa ndi ena, dzina lawo n'kufufutika, ndiye tikamawerengera otsalawo chithunzi chimakoma kuposa momwe zinthu zinalili.

Nkhani ya Bill Miller ndiyo inandikhazika pansi. Iyeyu ankayendetsa thumba la Legg Mason Value Trust, ndipo anaposa S&P 500, mulingo wa makampani akuluakulu 500 a ku America, chaka ndi chaka kwa zaka 15, kuyambira 1991 mpaka 2005. Tikati chaka chilichonse mwayi wouposa msika ndi theka, kuti zitheke ka 15 motsatizana ndi kamodzi pa 32,768. Pomva koyamba umati ameneyu ndi katswiri basi. Koma ku America matumba otere alipo masauzande, ndipo mndandanda wa zaka 15 ukhoza kuyambira chaka china chilichonse, ndiye sizodabwitsa kuti pa zaka makumimakumi papezeke mmodzi wotero. Mwini wake anavomereza kuti mbiriyo inadaliranso kalendala: chaka chikanamathera mwezi wina osati Disembala, mndandandawo ukanaduka pakati. Mu 2008 thumba lake linagwa ndi pafupifupi 55 peresenti pomwe msika unagwa ndi 37. Chinamugwetsa n'chomwe chija chinamutchukitsa, kugula masheya pamene ena akuwathawa. Ulendo umenewo anali masheya a Bear Stearns, AIG ndi Freddie Mac, ndipo sanadzuke ayi. Kaganizidwe kake sikanasinthe, koma zaka 15 ankamuombera m'manja, chaka chimodzi anamuloza zala. Tsoka silinunkha.

Masamu omwe tinapatsidwa kuti tikachite ndi awa, ndipo ndikuwalemba pang'onopang'ono chifukwa mutu wa nkhani wagona pamenepa. Tiyerekeze kuti woyendetsa thumba alidi ndi luso, ndipo pa avareji amauposa msika ndi 2 peresenti pa chaka, chomwe ndi chinthu chachikulu pa ntchitoyi. Koma sikuti chaka chilichonse amaposa ndi 2 ndendende. Zotsatira zake zimayendayenda, kawirikawiri ndi 6 peresenti pamwamba kapena pansi. Kuti akatswiri a masamu a ziwerengero (statistics) akhutire kuti si mwayi, amafuna kuti kuposako kukhale kowirikiza kawiri kuyendayenda kwa avareji yake. Vuto n'lakuti kuyendayendako kumachepa mwaulesi, motsatira square root ya chiwerengero cha zaka, kutanthauza kuti kumatsika ndi theka pokhapokha zaka zikachuluka kanayi. Pa zaka 4 kumatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3. Pa zaka 9 kumafika pa 2. Kuti kufike pa 1, pomwe 2 uja akhala wowirikiza kawiri, pafunika zaka 36. Luso lake likakhala la 1 peresenti yokha, zaka zake ndi 144.

Ndiye kuti munthu amene wayamba ntchitoyi ali ndi zaka 30 adzatsimikizika kuti ndi katswiri ali ndi zaka 66, akulongedza zopita kukapuma. M'zaka zonsezo, katswiri weniweniyu azigonja ndi msika koposa pang'ono chaka chimodzi pa zitatu zilizonse, mwinanso zaka ziwiri kapena zitatu motsatizana, makasitomala n'kumuthawa. Wopanda luso naye akhoza kuwala zaka zisanu, anthu n'kukhamukira kwa iye. Zotsatira za zaka zitatu kapena zisanu zomwe amaika pa timapepala totsatsa malonda, mwa masamu amenewa, sizikutiuza kanthu kogwirika.

Michael Mauboussin, yemwe walemba zambiri pa nkhaniyi, ali ndi kayesedwe kosavuta: dzifunse ngati ungathe kuluza dala. Pa bawo ukhoza, ndipo aliyense woonerera adzadziwa kuti wataya dala, chifukwa bawo ndi luso. Poponya ndalama m'mwamba sungathe. Nanga pa masheya? Tayesani kusankha makampani khumi omwe mukutsimikiza kuti chaka chamawa adzatsalira m'mbuyo mwa msika. N'kovuta pafupifupi mofanana ndi kusankha omwe adzatsogole. Iye amawonjeza kuti chifukwa chake sikuti ochita malondawa ndi mbuli. M'malo mwake onse ndi ophunzira, onse ali ndi makompyuta amphamvu, onse amalandira malipoti nthawi imodzi. Luso likafanana chonchi, chowasiyanitsa chimatsala ndi mwayi.

Palinso kafukufuku wa Hendrik Bessembinder yemwe anaunika masheya a ku America kuyambira 1926 mpaka 2016. Anapeza kuti oposa theka, pa moyo wawo wonse pa msika, anabweretsa phindu lochepera lomwe munthu akanapeza pongokongoza boma kwa mwezi umodzi umodzi, ndipo chuma chonse chowonjezera chomwe msikawo unapanga chinachokera ku makampani pafupifupi 4 pa 100 alionse. Wosankha makampani khumi kapena makumi awiri akaphonya ochepa amenewa watsala, ngakhale atakhala wakhama bwanji. Wogwira imodzi yokha mwa iwo, kaya anaisankha ataiwerenga kaya anangoimva kwa mlamu wake, adzaoneka ngati mneneri.

Sindikunena kuti luso kulibe. Thumba la Medallion la Jim Simons, katswiri wa masamu amene anamwalira mu 2024, akuti linkapanga pafupifupi 66 peresenti pa chaka asanachotse malipiro, kuyambira 1988 mpaka 2018. Palibe kuponya ndalama komwe kungafotokoze zimenezo. Koma dziwani kuti thumbalo linatseka chitseko kwa anthu akunja mu 1993, eni luso anadzisungira okha. Buffett naye wadutsa mayeso a zaka 36 ndi mtunda: kuyambira 1965 mpaka 2024 masheya a kampani yake ya Berkshire Hathaway ankakwera ndi 19.9 peresenti pa chaka pomwe S&P 500 inkapereka 10.4. Akatswiri atatu, Frazzini, Kabiller ndi Pedersen, atasanthula mbiri yake anapeza kuti gawo lalikulu la phindulo linachokera pogula makampani otchipa, okhazikika komanso opanga phindu labwino, kwinaku akugwiritsa ntchito ndalama za ena zotsika mtengo, makamaka zomwe makampani ake a inshuwalansi amasunga asanalipire ovulala. Kuona zimenezi zaka zambiri ena asanazione ndi luso. Komatu mwini wake amanena poyera kuti anachita mwayi kubadwira ku America mu 1930. Wa nzeru zomwezo amene anagula msika wa ku Japan kumapeto kwa 1989, Nikkei, mulingo wa msikawo, ili pafupi ndi 38,900, anadikira mpaka Febuluwale 2024 kuti mulingowo ubwerere pomwe unali.

Chosangalatsa n'chakuti munthu yemwe anateteza luso ku Columbia uja ndi yemwenso anabetcha molitsutsa. Anapikisana ndi kampani ya Protégé Partners pa madola 1 miliyoni kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 thumba wamba longotsatira S&P 500, la mtundu womwe John Bogle anayambitsa ku Vanguard mu 1976, lidzaposa matumba asanu a akadaulo osankhidwa mosamala. Chaka choyamba akadaulowo anatsogola. Pomaliza, thumba wamba linakwera ndi pafupifupi 126 peresenti, akadaulo aja pa avareji ndi pafupifupi 36. Buffett analoza malipiro awo okwera. Ndinaziyesa pa kakyuleta: K1 miliyoni yokula ndi 10 peresenti kwa zaka 30 imafika K17.4 miliyoni, koma wina akamatapapo 2 peresenti chaka chilichonse imathera pa K10 miliyoni. Luso la woyendetsa thumba mudzalidziwa patatha zaka 36, pomwe malipiro ake mukuwadziwa lero.

Ndiye pomwe ndaima ndi apa. Funso loti luso lilipo kapena ayi landichepera. Lomwe lili ndi ntchito kwa munthu woika ndalama zake ndi loti kodi angalizindikire zisanachitike, ndipo akalizindikira, mwini lusoyo amusiyirako kangati akatenga gawo lake.

Kwathu kuno funsoli lili ndi kake. Msika wa masheya wa ku Blantyre ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20, ndipo ambiri mwa olemera kwambiri ndi mabanki. Amene anagula masheya a FDH Bank pa K10 pomwe ankalowa pa msika mu 2020 apindula mowirikiza kangapo, ndipo m'magulu muja ena ayamba kale kutchedwa aphunzitsi. Zabwino zonse, koma msika wonse ukamakwera aliyense amene ali nawo amakwera nawo. Choyenera kufunsa n'chakuti anaposa Malawi All Share Index, mulingo wa msika wonsewo, kapena ayi, ndipo chatsala n'chiyani ukachotsa kukwera mitengo kwa zinthu. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndiye sheya yomwe inakwera ndi 44 peresenti pa kwacha nthawi imeneyo, pa dola inangoima pomwepo. N'zotheka kuti pa msika waung'ono chonchi luso lili ndi malo okulirapo kusiyana ndi ku New York, poti owerenga malipoti a makampani mwakuya ndi ochepa. Koma umboni wa masamu ulibe pokhalira: kampani yoyamba, NICO, inalowa pa msikawu mu 1996, ndiye msika weniweniwo sunakwanitse zaka 36.

Poti zotsatira zimachedwa kuyankha, ntchito yomwe tapatsidwa sabata ino ndi yoyesa kaganizidwe. Aliyense asankhe kampani imodzi, alembe zifukwa zoigulira ndi zomwe zingaonetse kuti zifukwazo zinali zabodza, aike deti, asadzasinthe. Ine ndatenga banki. Ndikufufuza mu lipoti lake la pachaka kuti pa K100 iliyonse ya chiwongola dzanja yomwe inapeza, zingati zinachokera kokongoza boma ndipo zingati kwa makasitomala wamba, n'kuwerengera momwe phindu lake lingakhalire chiwongola dzanja cha boma chitatsika ndi theka.