Akatuluka kundende, sukulu isatsalire komweko

Chaka chino ku Mzuni takhala tikuphunzira za kaphunzitsidwe ka anthu akuluakulu. Zimene aphunzitsi athu amatiuza m'kalasi ku Luwinga zimadzandilowa bwino Loweruka masana ku Chiputula, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chathu, komwe ine ndi anzanga timathandiza abale athu amene anatuluka kundende ndipo akufuna kupitiriza sukulu.

Ambiri sadziwa kuti m'ndende zathu muli makalasi. Ku Zomba, ku Chichiri, ku Maula, ngakhale konkuno ku Mzuzu, akaidi amaphunzira mpaka kulemba mayeso a MANEB omwewo amene ana athu amalemba: a Sitandade 8, a JCE amene anabwereranso mu 2021, ndi a MSCE. Nthawi zambiri wogwira choko amakhala mkaidi mnzawo amene anapitako patali ndi sukulu. Vuto limayambira pachipata. Tsiku lotuluka silitsata kalendala ya sukulu. Wina chilango chake chimathera pakati pa temu, wina amakhululukidwa ndi mtsogoleri wa dziko pa 6 July kapena pa Khirisimasi, ali mkati mwa Fomu 3. Kunyumba amalandiridwa ndi nthungululu, mwinanso osalandiridwa n'komwe, koma palibe amene amamufunsa kuti masamu analekezera pati.

Pali bambo wina amene amabwera ndi makope ake atakulungidwa m'jumbo ya shuga. Tsiku limene anatitsegulira kope la Geography, tonse tinangoti kakasi. Zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, mizere iwiri pa mzere umodzi, mpaka m'mphepete mwa pepala ndi kuchikuto komwe, chifukwa m'katimo pepala silitayidwa. Mapu a mitsinje ya South Rukuru ndi Shire anawajambula ndi pensulo, mosamala kuposa mmene ine ndinajambulirapo ndili ku sekondale. Pano amapalasa sakaramento (njinga ya kabaza), kunyamula anthu kuchokera kumsika waukulu kupita ku Chibavi ndi ku Zolozolo. Anandiuza kuti: “Aphunzitsi, m'kati muja nthawi inalipo yambiri, chosowa chinali chakudya. Kunja kuno ukangokhala pansi kuti uwerenge, ana agona ndi njala.”

Mawu amenewa ndi amene anandimasulira zimene tinaphunzira zoti wamkulu saphunzira ngati mwana. Mwana amamutumiza kusukulu, wina n'kumuphikira. Wamkulu amaba nthawi yowerenga pa nthawi yosakira ndalama, ndiye ola lililonse limene wakhala pa benchi amadziwa mtengo wake. Sukulu za open zimayamba masana ana a m'mawa akaweruka, ndipo ndi zolipira. Kwa munthu wa ganyu, masanawo ndiye nthawi ya makasitomala. N'chifukwa chake ife tinasiya zoyamba silabasi kuchokera pa tsamba loyamba. Timakhala naye pansi munthuyo, kuona zimene akudziwa kale, kenaka n'kuwerengera limodzi zimene satifiketi ikufuna. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera, ndipo popanda Chingerezi satifiketi palibe. Wofuna yunivesite ya boma amafunika ma credit 6, Chingerezi chili momwemo. Munthu akamvetsa zimenezi amasankha yekha maphunziro oti alimbane nawo, m'malo mosenza onse n'kugwa nawo panjira.

Si onse akufuna MSCE, ndipo sitiwakakamiza. Ena anaphunzira ukalipentala kapena kusoka ali m'ndende, chimene akusowa ndi pepala lotsimikizira luso lawo, ndiye timawalozera njira ya TEVETA. Amene sanaphunzire kulemba dzina lawo malo awo ndi kusukulu ya kwacha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi maso a anthu. Mnyamata wina, wa zaka za m'ma 20, anayamba bwinobwino pa sukulu ina ya open. Sizinatenge nthawi, foni ya wophunzira mnzake inasowa m'kalasi, ndipo chikwama choyamba kusechedwa chinali chake. Foniyo inapezeka kwina, koma iye sanabwererekonso. Atabwera kwa ife anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili kumaso. Amayi ena a mumpingo, amene amatibweretsera tiyi kukazizira (ndipo kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa), anamuitana kuti: “Mwanawe, sendera kuno pafupi ndi bolodi, kumeneko suona.” Sanamufunse mlandu wake. Ifenso tinagwirizana kuti funso limenelo lisamafunsidwe m'chipinda chija. Khoti linafunsa kale, ndipo munthuyo anagwira ukaidi wake mpaka kumaliza.

Ndikudziwa kuti pali ena amene anaberedwa kapena kuvulazidwa, ndipo akamva zoti tikuphunzitsa anthu otere mtima umawapweteka. Ululu wawowo ndi weniweni. Komabe munthu wotulukayo akubwera kudzakhala m'dera lathu lomweli, kutunga madzi pa mpope womwewo, ndipo ine ndingakonde kuti madzulo azikhala ndi kope m'manja.

Ntchito yambiri imene timagwira ndi ya mapepala: kuthandiza munthu kupeza chiphaso cha unzika, kufufuza zotsatira za mayeso amene analemba kale, kupeza sukulu yoti imulembetse ngati external nthawi yolembetsa isanatseke, ndi kusonkherana ndalama ya mayeso. Mabuku timabwereka ku laibulale ya mtauni, ena timapempha kwa amene anamaliza Fomu 4. Pakali pano tikusowa woti aziphunzitsa Biology, chifukwa tonse amene tilipo ndi a zilankhulo ndi Geography, ndipo bambo wa sakaramento uja akufuna kuilemba chaka chamawa.