Mono wa ku doko wandimasulira za masiponji

Anzanga a bayoloje, lero mtima wakhala pansi. Sabata ziwiri ndakhala ndikuloweza ngati nyimbo ma spicule, timinga tija tokhala ngati mafupa a siponji, gulu lililonse la masiponji ndi ake: Calcarea ndi calcium carbonate, Hexactinellida ndi silica ya nsonga 6, Demospongiae silica kapena spongin (ulusi wofewa wa puloteni) kapena zonse, koma funso limodzi limandisowetsa tulo, nyama yosayenda, yomata pamwala moyo wake wonse, mafupa ikufuniranji?

Dzulo madzulo ndinali ku doko pafupi ndi mlatho wa Shire, bambo wina amakonza mono wake, ndodo imodzi inali itathyoka ndiye mbali yonseyo inaphwanyikira mkati. Pomwepo ndinamva. Siponji ndi mpope wa madzi basi. Ma choanocyte, maselo a timichira a m'kati mwake, amakoka madzi kudzera mu timabowo totchedwa ostia, kusefa chakudya, madzi n'kutulukira pa bowo lalikulu lotchedwa osculum, ndiye tinjira ta madzi timeneti tikaphwanyikira mkati nyamayo yafa ndi njala. Ma spicule ndi spongin ntchito yake ndi kugwira tinjirato kuti tikhale totseguka, monga ndodo zija zigwirira mono. Kubaya zilombo zofuna kuidya kumabwera pamwamba pake. Spongia officinalis, ija anthu amadzitsukira posamba, ili yofewa poti ndi spongin yokhayokha, pomwe Euplectella ndi dengu lagalasi lolukidwa bwinobwino. Zonse zikugwira njira za madzi.

Nditafika kunyumba ndinatenga chinkhupule chakubafa, inde ndikudziwa kuti chimenechi ndi chomera, ndinachidula pakati n'kujambula mmene madzi angadutsire. Ine ndikuti chilichonse mu bayoloje ukachigwira ndi manja n'kuchijambula chimalowa, manotsi okha sangakuphunzitse kanthu.

Chimene chikundiwawa n'choti aphunzitsi anangotiwerengera mayina ola lonse, osajambula ngakhale kamodzi pa bolodi, akuti silabasi ndi yaitali. Sanatchulenso kuti Nyanja ya Malawi yathu yomweyi ili ndi siponji yake ya m'madzi opanda mchere, Malawispongia, ndachita kuipeza ndekha usiku pa foni bando ikutha. Tikanayambira pamenepo bwenzi tonse titatchera khutu.

Chomwe chikundivutabe ndi ma sclerocyte. Ndamva kuti ndi amene amapanga ma spicule mu mesohyl, mnofu wa pakati pa thupi la siponji, koma selo limodzi lopanda ubongo, lopanda minyewa, limatsatira chani kuti nsonga zituluke zofanana choncho? Apa monoyo sakundithandiza, poti mono ali ndi woluka. Mayeso ayandikira, kaya ndifika pomvetsa izi kaya.